Mkazi wovala zoyera uja ndi mwamuna: za moyo wa Bandō Tamasaburō pa siteji ya kabuki

Ndalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena amene amayang'anira kalabu ya zisudzo pa sukulu ina ya sekondale. Akuti anaona kanema pa YouTube wa mzimayi wa ku Japan atavala zoyera zokhazokha, akuvina mwapang'onopang'ono ambulera ili m'manja, chipale chofewa chikumugwera. Atawerenga zolembedwa m'munsi anadzidzimuka kumva kuti wovinayo ndi mwamuna, dzina lake Bandō Tamasaburō V. Akufunsa ngati zili zoona, akufunsanso kuti nambala ili kumapeto kwa dzinayo ndi yanji ngati kuti munthuyo ndi mfumu. Funso lawo lalikulu ndi lakuti munthu amadutsa njira yotani kuti afike pamenepo, ndipo kodi mwana wa munthu wamba angathe.

Aphunzitsi, zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli, ndipo simunanamizidwe, ndi mwamuna ndithu. Gule amene munaonayo amatchedwa Sagi Musume, ndipo ndi wa mzimu wa kakowa umene waoneka ngati namwali wozunzika ndi chikondi. Chipale chimene chikugwacho ndi timapepala toduladula timene amatikhuthula kuchokera kudenga la siteji. Ngati munaonera mpaka pakati, munaona chovala choyera chija chikusanduka cha mtundu wina m'kuphethira kwa diso. Si matsenga a kamera ayi. Zovalazo amazisokerera pamwamba pa zinzake ndi ulusi wokhuthala, ndiye wothandizira amene amakhala kumbuyo amasolola ulusiwo n'kukoka chovala chapamwamba pa nthawi yeniyeni imene nyimbo yatembenuka.

Chodabwitsa n'chakuti kabuki, zisudzo za chikhalidwe cha ku Japan zosakaniza sewero, gule ndi nyimbo zimene Tamasaburō amachita, anayambitsa ndi mzimayi. Mu 1603, Izumo no Okuni anayamba kuonetsa magule achilendo mu mzinda wa Kyoto, ndipo anthu anatengeka nawo kwambiri. Boma la nthawi imeneyo linaona kuti magulewo akusakanikirana ndi uhule komanso ndewu za amuna olimbirana ovina, choncho mu 1629 linaletsa akazi kukwera pa siteji. Anyamata achisodzera ndiwo analowa m'malo mwawo, koma mavuto omwewo anabwereranso, ndipo mu 1652 nawonso analetsedwa. Anatsala ndi amuna akuluakulu okhaokha, n'kuyamba kupezeka ena amene ntchito yawo moyo wonse ndi kusewera ngati akazi. Amenewa amatchedwa onnagata. Lamulo loletsa akazi linatha kalekale, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, koma mwambo unakhazikika, ndipo m'maholo akuluakulu a kabuki mpaka lero pafupifupi mkazi aliyense wamkulu amene mungamuone pa siteji ndi mwamuna. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika kabuki m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, chaka chomwecho chimene linaikanso Gule Wamkulu.

Za nambala ija, simunaphonye kwenikweni poganiza za ufumu. Ife tikamva kuti Gomani V kapena M'mbelwa V timadziwa kuti dzinalo ndi lakale kuposa amene walilowa, ndipo amene walilowayo wasenza zonse zimene analisiyira am'mbuyo mwake. Mu kabuki zilinso choncho. Dzina la pa siteji ndi cholowa cha banja, ndipo limabwera ndi chizindikiro cha banjalo, masewero amene banjalo limadziwika nawo, kachitidwe kake ka masewerowo, ophunzira ake, ngakhalenso anthu olemera amene akhala akulithandiza. Munthu salowa dzina lalikulu kamodzi n'kamodzi, amachita kukwera. Taonani wa banja lotchuka kuposa onse, la Ichikawa Danjūrō, limene linayamba m'zaka za m'ma 1600. Amene ali ndi dzinali pano anabadwa mu 1977. Mu 1985 anakhala Ichikawa Shinnosuke VII, mu 2004 anakhala Ichikawa Ebizō XI, ndipo bambo ake, Danjūrō XII, atamwalira mu February 2013, dzinalo linakhala lopanda mwini zaka zisanu ndi zinayi. Mwambo womulowetsa unayenera kuchitika mu May 2020 koma mliri wa Covid-19 unausokoneza, mpaka unachitika mu November 2022 pamene anakhala Danjūrō XIII. Nthawi yomweyo mwana wake wamwamuna analowa dzina lija la Shinnosuke.

Mwambo wolowa dzinawu amautcha shūmei. Akuluakulu a mabanja ena amakhala mondondozana pa siteji, atagwada, atavala zovala zaulemu, ndipo mmodzimmodzi amawerama n'kupempha oonera kuti amulandire wolowa dzinayo ndi kumuleza mtima. Zikatero amazungulira nawo mizinda ina kwa miyezi yambiri. Tisabisane, ndi malondanso, chifukwa kampani ya Shōchiku imene imayendetsa kabuki yaikulu imagulitsa matikiti ambiri pa nyengo zoterezi.

Mwana wamwamuna wobadwira m'banja lotere njira yake imakhala yolambulidwa kale. Amamuonetsa kwa anthu ali ndi zaka zitatu kapena zinayi, nthawi zina atamunyamula m'manja. Amayamba msanga kuphunzira gule, kuimba ndi kuliza shamisen, chida cha zingwe zitatu. Amasewera mbali za ana mpaka mawu atayamba kusintha, kenako amakhala kaye zaka zingapo osaoneka kwenikweni chifukwa si mwananso komanso sanakule, n'kudzabwerera ndi mbali za achinyamata. Oonera amakula naye limodzi. Gogo wina m'holo amakhala kuti anaonera agogo ake a mwanayo akusewera mbali yomweyo, ndipo amayerekeza.

Nanga amene sanabadwire m'banja la kabuki? Khomo lilipo koma n'lopapatiza. Angathe kukapempha kukhala wophunzira wa katswiri wina, kumunyamulira zikwama ndi kumuthandiza kuvala kwinaku akuba luso ndi maso. Angathenso kulowa sukulu imene National Theatre ya ku Tokyo inatsegula mu 1970 itaona kuti osewera mbali zing'onozing'ono akuchepa. Maphunziro ake ndi a zaka ziwiri, ndipo lero pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse a osewera kabuki anadutsa kumeneko. Koma ambiri mwa iwo amakalamba akusewera ngati asilikali ogubuduzika pa ndewu, adzakazi oima mzere kumbuyo kwa mfumukazi, kapena miyendo ya hatchi. Pali mayeso amene munthu amalemba atagwira ntchito zaka zambiri kuti akwere pa udindo wotchedwa nadai, koma ngakhale akhoze, mbali zikuluzikulu zimapitabe kwa ana a mabanja. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa sindikhulupirira kuti luso limayenda m'magazi mokha. Chimene ana a mabanja ali nacho ndi kuyamba msanga, aphunzitsi m'nyumba momwe, ndi mwayi wolakwitsa pamaso pa anthu mobwerezabwereza popanda kuchotsedwa.

N'chifukwa chake nkhani ya Tamasaburō ndimaikonda. Iye anabadwa pa 25 April 1950 ku Tokyo, kwa makolo amene anali ndi malo odyera m'dera la Ōtsuka. M'banja mwawo munalibe wa kabuki. Ali wakhanda anadwala poliyo, matenda amene anamusiyira kufooka m'miyendo, ndipo anayamba kuphunzira gule wa chikhalidwe cha ku Japan kuti thupi lilimbe. Mwanayo anaukonda guleyo koposa mmene aliyense ankayembekezera. Aphunzitsi ake a gule, a Fujima Kanshie, anali akazi a katswiri wa kabuki Morita Kan'ya XIV, ndipo kudzera mwa iwowa mwanayo anakhala wophunzira wa Kan'ya. Mu December 1957, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anakwera pa siteji koyamba ndi dzina lakuti Bandō Kinoji. Mu 1964, ali ndi zaka 14, Kan'ya anamutenga kukhala mwana wake wa m'luso ndi kumupatsa dzina la Bandō Tamasaburō, wachisanu kulitenga. Mwambowo unachitikira ku Kabuki-za, holo yaikulu ya kabuki imene ili ku Ginza mu mzinda wa Tokyo ndipo inatsegulidwa koyamba mu 1889.

Kutenga mwana wa eni chonchi si kwachilendo mu kabuki. Banja likasowa mwana wamwamuna, kapena likaona luso limene silifuna kulitaya, limamulowetsa m'nyumba. Kataoka Ainosuke VI, wobadwa mu 1972 ku Sakai kwa makolo amene sanali a kabuki, analowanso motero. Koma kulowa m'nyumba si kufika. Tamasaburō anali ndi zinthu zitatu zomutsekereza: anali wakunja, miyendo yake inali yofooka, ndipo anatalika mpaka masentimita 173, pamene onnagata ankayembekezeka kukhala wamfupi kuposa mwamuna amene waima naye. Onjezerani wigi yaitali pamutu, muona kukula kwa vutolo.

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, aphunzitsi, chifukwa ndi zimene ana a m'kalabu mwanu angatolepo. Onnagata satsanzira mkazi wa mumsewu. Amamanga mkazi wa pa siteji ndi thupi la mwamuna, chiwalo ndi chiwalo. Mawondo amawapinda ndi kuwaphatikiza, ndipo ophunzira amayeserera kuyenda atapana pepala pakati pa mawondo osaligwetsa. Zala za kumapazi zimayang'ana mkati. Mafupa a mapewa amawakokera kumbuyo kuti ayandikane n'kuwatsitsa pansi, kuti mapewa aoneke otsetsereka ndipo khosi litalike. Zigongono zimamatirira m'nthiti, manja amabisika pang'ono m'mikono ya kimono, chovala cha chikhalidwe cha ku Japan, kuti aoneke aang'ono. Mawu amawatulutsira m'mwamba koma ayenera kumveka mpaka mpando womaliza popanda maikolofoni. Ndiye ganizirani munthu wamtali, amene ayenera kupinda mawondo kwambiri kuposa anzake kuti afupike, pa miyendo imene inadwalapo poliyo, atasenza zovala ndi wigi zimene pa mbali zina zimalemera makilogalamu oposa 20, nkhope osaonetsa kuti akumva kuwawa. Mukaoneranso kanema uja, siyani kaye nkhope, muyang'ane m'chiuno ndi m'mawondo. Kufewa konse kumene kukuoneka kumtunda kwakhazikika pa mphamvu yoopsa ya kumunsi.

Ndinganene mosaopa kuti kutalika kuja anakusandutsa chuma. Mizere ya thupi lake ndi yaitali, ndipo akawerama chagada mu gule wa kakowa uja, msana umapindika ngati ulibe mafupa. Ana anu akamasewera ngati munthu amene si iwo, kaya mnyamata ngati mayi kapena mtsikana ngati gogo, auzeni asathamangire kuseketsa anthu ndi mawu opyapyala ndi kugwedeza thupi. Ayambe afunsa kuti munthuyo kulemera kwa thupi lake amakuika pati akaima, amakhala pansi motani, amatembenuza khosi liti. Tamasaburō oonera samuseka, amalira naye.

Kutchuka kunabwera msanga. Mu November 1969, mlembi wotchuka Mishima Yukio anamusankha, ali ndi zaka 19 zokha, kusewera ngati mwana wamkazi wa mfumu, Shiranui, m'sewero la kabuki limene Mishimayo analemba ndi kutsogolera ku National Theatre. M'zaka za m'ma 1970, nthawi imene achinyamata ambiri a ku Japan ankaona kabuki ngati zinthu za agogo, anthu anayamba kudzaza maholo kudzaona iye akusewera ndi Kataoka Takao, amene anadzalowa dzina la Kataoka Nizaemon XV mu 1998. Awiriwa ankayenerana kutalika ndi maonekedwe, ndipo ankasewera zibwenzi zimene oonera ankazikhulupirira. Mu 1975 bambo ake omulera aja anamwalira, iye ali ndi zaka za m'ma 20. Mu kabuki kumwalira kwa kholo ndi tsoka lalikulu pa ntchito, chifukwa kholo ndilo limakupemphera mbali ndi kukuteteza kwa akuluakulu. Ambiri oterewa amazimirira. Iye anapulumuka chifukwa oonera ankamufuna.

Tsiku ndi tsiku ntchitoyi ndi yotopetsa kuposa mmene imaonekera. Mwa mwambo, pulogalamu imodzi imayenda masiku pafupifupi 25 pa mwezi, chigawo cha masana ndi cha madzulo, ndipo katswiri angakhale ndi mbali m'zigawo zonse ziwiri. Masiku ochepa otsala kumapeto kwa mwezi ndi amene amayeserera pulogalamu ya mwezi wotsatira. Zimatheka chifukwa aliyense amayenera kudziwa kale masewero akale pamtima. Masiku ano anayamba kuikamo masiku opuma, zimene kale kunalibe. Wosewera amadzipaka yekha nkhope, kuyamba ndi phula kenako utoto woyera mpaka m'khosi ndi kumsana. Akapatsidwa mbali yaikulu koyamba, amapita kwa wamkulu amene anaisewerapo, ngakhale wa banja lina, kukapempha kuti amuphunzitse, ndipo ulendo woyambawo amachita ndendende mmene waphunzitsidwira. Zakezake amadzaonjezera m'tsogolo. Akachita bwino pamalo povuta, akadaulo oonera amene amakhala mipando yakumwamba kumbuyo amafuula dzina la nyumba yake. La Tamasaburō ndi Yamatoya, la Danjūrō ndi Naritaya. Kufuulako kuli ndi nthawi yake, ndipo kukaphonya kumaononga sewero.

Pali mbali imodzi imene imaonetsa bwino mmene luso limayendera kuchoka kwa munthu kupita kwa wina. Ndi ya Akoya, mkazi wosangalatsa alendo amene chibwenzi chake, msilikali Kagekiyo, chikusakidwa ndi adani. Akoya amagwidwa kuti aulule kumene mwamunayo wabisala, iye n'kunena kuti sakudziwa. M'malo momuzunza, woweruza Shigetada amamulamula kuti alize zida zitatu zoimbira za zingwe, koto, shamisen ndi kokyū, poganiza kuti mtima wonama sungatulutse nyimbo yosagwedera. Wosewera mbaliyi amaziliza yekha zida zitatuzo pamaso pa anthu, akuimba, atavala zolemera zija, kwinaku nkhope ikuonetsa mkazi amene akuganiza za mwamuna wake. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kwa zaka zambiri mbaliyi inali m'manja mwa Nakamura Utaemon VI, onnagata wamkulu wa nthawi imeneyo, amene anabadwa mu 1917 n'kumwalira mu 2001. Tamasaburō anaphunzira zidazo kuyambira ali mnyamata, koma anadzasewera Akoya koyamba mu 1997, ali ndi zaka 46. Tangoganizani, zaka makumi atatu akukonzekera mbali imene sankadziwa ngati adzapatsidwe. Kuchokera apo, kwa zaka zoposa makumi awiri, panalibenso wina woisewera koma iye.

Sanakhale mu kabuki mokha. Mu 1984 anavina Sagi Musume yemweyo ku Metropolitan Opera ku New York pa chikondwerero cha zaka 100 za nyumbayo, ndipo dziko linamudziwira pamenepo. Anagwira ntchito ndi Maurice Béjart wa gule wa ballet, ndi Yo-Yo Ma woliza cello, komanso ndi Andrzej Wajda wa ku Poland. Anatsogolerapo mafilimu. Anaphunzira kunqu, zisudzo zoimba zakale za ku China, mpaka mu 2008 anasewera pamodzi ndi gulu la ku Suzhou, akuimba m'chinenero chawo. Kuyambira 2012 mpaka 2016 anali mtsogoleri wa luso wa Kodō, gulu la ng'oma la pa chilumba cha Sado. Ena okonda mwambo ankadandaula kuti akumwazika. Ine ndimaona kuti munthu amene analowa mu kabuki ngati mlendo sankaopa kukhalanso mlendo kwina, ndipo zimene ankatola kumeneko, makamaka pa kagwiritsidwe ntchito ka magetsi a pa siteji ndi kayendedwe ka nthawi m'sewero, ankabwera nazo kwawo. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chaching'ono poyerekeza ndi zonsezi: kuyambira 1990 wakhala akupita kukavina ku Yachiyo-za, holo yamatabwa yomangidwa mu 1910 m'tauni ya Yamaga ku Kumamoto, imene inatsala pang'ono kugwa anthu a m'deralo asanaipulumutse. Kubwerabwera kwake kunathandiza kuti holoyo idziwike m'dziko lonse.

Ulemu unatsatira. Mu 2011 analandira mphoto ya Kyoto Prize, ndipo mu 2012 boma la Japan linamuika m'gulu la anthu amene amatchedwa chuma chamoyo cha dziko. Udindowu umabwera ndi ndalama za ku Japan zokwana mayeni 2 miliyoni pa chaka, zoti zithandize mwini luso kulisunga ndi kuphunzitsa ena.

Mu kabuki mulibe zaka zopumira pa ntchito, ndipo ukalamba suchotsa munthu pa mbali za achinyamata. Mu April 2021, Tamasaburō ndi Nizaemon anabwereza ku Kabuki-za sewero la Sakurahime limene anali asanasewere limodzi kwa zaka 36. Nizaemon anali ndi zaka 77, ndipo Tamasaburō anakwanitsa zaka 71 mwezi womwewo wa April, akusewera ngati namwali wosafika zaka 20. Matikiti ankasowa. Oonera kabuki amadziwa bwino zaka za munthuyo, ndipo chimene amabwerera ndi kuona mmene luso la zaka makumi asanu ndi limodzi likupangira unamwali umene thupi linausiya kale.

Ndiye pa funso lanu lalikulu lija, aphunzitsi, yankho langa ndi lakuti inde, mwana wa munthu wamba angathe, koma amene anafika pamwamba penipeni m'nthawi yathu ino ndi owerengeka pa zala, ndipo pafupifupi onse anachita kulowetsedwa m'banja ali ana. Amene wayamba ali ndi zaka 18 kudzera kusukulu ija angakhale wosewera wolemekezeka ndi wofunika, koma kawirikawiri dzina lake silikhala pamwamba pa chikwangwani. Vutoli eni ake akuliona, chifukwa achinyamata ofunsira malo kusukuluyo akhala akuchepa, ndipo popanda iwo palibe ndewu ya pa siteji kapena nyumba ya mfumu yodzaza adzakazi.

Tamasaburō sanalowe dzina la bambo ake omulera, ndipo dzina la Morita Kan'ya lakhala lopanda mwini chiyambire 1975. Wakhalabe Tamasaburō kuyambira ali ndi zaka 14, chinthu chosowa pakati pa akatswiri a msinkhu wake. Zimene akudziwa akuzipereka kwa ana a mabanja ena. Mu December 2018 ku Kabuki-za anagawana mbali ya Akoya ndi achinyamata awiri amene anawaphunzitsa yekha, Nakamura Baishi ndi Nakamura Kotarō, masiku ena akusewera iye, masiku ena iwo. Baishi analowa dzina la bambo ake mu 2024, ndipo mukamamufufuza pa intaneti tsopano mumupeza ngati Nakamura Tokizō VI.